Thupi la Nandolo

Joni, 14 Ogasiti 2023

Amake Ilham,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, mwanayo, amayi ndi onse a pakhomo. Ine kuno ndadzuka, alihamudulila, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwandilowa mpaka m'mafupa.

Musaseke poona kalata ngati tabwerera m'masiku a agogo athu a kumigodi. Foni yanu ija imatchajidwa pa shopu ya amjomba anu, Che Abdulwahab, ndipo mawu alionse amene ndingatumize amayamba kumveka kwa ogula sopo ndi mchere asanafike kwa mwini wake. Ndiye ndapangana ndi Mike, transipota uja amatsitsa katundu pa Ulongwe, kuti azikupatsirani m'manja. Yankho muzimupatsa yemweyo.

Mike wandiuzanso kuti chithunzi chimene anandijambula mwezi watha chazungulira msika wonse, ndipo amjomba atachiona anafunsa ngati ameneyu ndi Zubairu kapena ndi nsungwi yovala malaya. Pamenepo ndaseka nawo. Ndaonda, sindikana. Koma akuti anawonjezanso mawu ena, akuti mwamuna akaonda chonchi ku Joni ndiye kuti watenga kachilombo, mwana wa mlongo wawo asadzayerekeze kumulandira m'nyumba. Amenewo sindinaseke. Sindikudwala, amake Ilham. Ndikukuuzani ine mwini wake thupi.

Ntchito yootcha nyama ija ndinasiya. Za Chester, mnzanga wa ku Phalula amene ndinkagona naye mkhukhu umodzi, kachisakasa kathu kaja, munamva kale: za moto uja, ndi kuti tinamuika konkuno. Zina musandifunse pa foni. Kumeneko ndinasamukako, ndikukhala mbali ina ya tauni, ndipo ndapeza ntchito yotsuka mapoto mu lesitilanti.

Tsono imvani zodabwitsa. Mu lesitilanti imeneyi simulowa nyama. Osati nkhumba yokha iyayi: ng'ombe, nkhuku, nsomba, dzira, mkaka, ngakhale uchi akuti ndi kubera njuchi. Anthu ake amadzitcha mavigani. Amabwera pa magalimoto onyezimira kudzadya nyemba ndi masamba, n'kulipira ndalama yoti kwathu mungagule nayo tambala ndi thadzi lake. Ine amene ndakulira pa chiwaya cha kanyenya pa Ulongwe, mbuzi zonse za kwa Kawinga zikundidziwa dzina, lero ndikutsukira mbale anthu oopa dzira! Koma ndisaname, m'tauni monse muno ndi malo okhawo amene ndimapumamo bwino. M'khitchini mwake simumveka fungo lililonse limene ndinazolowera.

Nandolo wa chaka chino musagulitse yense kwa mavenda. Musiyeko ndowa ziwiri, chifukwa chake ndidzakuuzani. Ndatumiza bulangete lanu ndi nsapato za Ilham. Zikamukulira muikemo kansalu kutsogolo.

Ndine wanu,
Zubairu


Joni, 9 Okutobala 2023

Amake Ilham,

Asalamu alaikumu. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Ilham chinatha ndiponso kuti amayi ayambanso kupita kumunda. Ine ndilipo.

Ndinakayezetsa monga munapemphera, pepala lake ndinakutumizirani, m'magazi mwanga mulibe kanthu. Tsopano mwalemba kuti amjomba analitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti ku Joni ngakhale pasipoti amagula pamsika, ndiye pepala la chipatala n'chiyani. Akuti iwo akhulupirira maso awo okha: ndibwere pa Idi ya kuchinja, yozinga mbuzi ija, chaka chamawa, ndipo ndikadzatsika minibasi ndili chonchi, banja lithere pomwepo, ndinyamule chikwama ndibwerere kwathu kwa Kawinga. Ndapsa mtima, amake Ilham, ndapsa mtima kwambiri. Koma ndine mkamwini, malo anga ndikuwadziwa. Nyumba ija ndinamanga ine, koma dothi lake ndi lanu, ndipo mawu omaliza ndi a amjomba. Chabwino. Akufuna masaya, ndiwabweretsera masaya.

Vuto ndi lakuti ndinenepe ndi chiyani. Mwandilangiza kuti ndizidya nyama tsiku lililonse popeza kuno ndi yotchipa. Ndinayesa. Lachisanu pochokera kumzikiti ndinagula ntchafu ya nkhuku kwa Msomali wina, yochinja bwinobwino, ndinakhala nayo pansi, ndinanena bisimila. Sinadutse pakhosi. Ndinasanza mpaka ndulu, anthu kumandilambalala poyesa chidakwa. Dzira chimodzimodzi, nsomba za m'chitini chimodzimodzi. Ngakhale tiyi wamkaka, akangochita kakhungu kaja pamwamba, basi ndamusiya. Chichitikire moto uja zinthu zili choncho. Izi musauze munthu.

Ndiye ndakhala ndikudya buledi ndi zotsala za mavigani. Buledi wa kuno ndi mphepo yeniyeni, ukadya lofu yonse pofika pa geti njala yayambanso. Za mavigani nazo zambiri ndi masamba osaphika, chakudya cha mbuzi. Pali china choyera chopangidwa ndi soya, amati tofu, chimene mayi wophika, wa ku Zimbabwe, amandikakamiza akuti chimamanga thupi. Ndimameza chifukwa cha inu, koma kukoma kwake musandifunse. Mayi yemweyo tsiku lina anandiyang'ana mikono n'kundifunsa kuti kwanuko anthu olima tsiku lonse amakhuta chiyani, popeza nyama amaionera pa ukwati ndi pa maliro. Ndinachita manyazi kuti funso lotere ndachita kufunsidwa ndi mlendo.

Choncho nandolo uja mupatseni Mike, pamodzi ndi mtedza ndi ufa wa mgaiwa ngati ulipo. Mundilemberenso bwinobwino kaphikidwe ka chipere, ndikunena cha mumphika, osati cha m'mutu mwa ana a kwa aneba. Zaka zonsezi ndakhala ndikudya chipere chanu osafunsako kuti makoko amapita kuti.

Denga la kukhitchini muuze munthu alifolere mvula isanagwe.

Wanu,
Zubairu


Joni, 17 Disembala 2023

Amake Ilham,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji nonse? Ndamva kuti mwabzala, Mulungu akupatseni mvula yabwino. Ilham asamadye mango osapsa, ndikumudziwa mwana wanga. Ine ndili bwino kuposa mmene ndinalili.

Katundu anafika, ndipo zikomo chifukwa cha kalata ya chipere ija. Ndinatsatira zonse: kukazinga pang'ono, kuphwanya, kupeta makoko, kuwiritsa mpaka nandolo aiwale kuti anali nandolo. Mphero kuno kulibe, ndinaphwanyira botolo pa simenti. Choyamba chinatuluka madzi okhaokha, mukanachiona mukanandilanda mthiko. Chachiwiri ndinachitha. Nditaika mkamwa misozi inatuluka yokha, chifukwa chinali chinthu choyamba chichokere mu Juni chimene mimba yanga inalandira popanda mlandu.

Tsopano ndimadya ngati munthu wolembedwa ganyu yodya. M'mawa phala la mgaiwa lolimba, lothira nsinjiro zambiri, shuga ndi nthochi. Masana ku ntchito mpunga wa mphodza ndi peyala lathunthu. Madzulo nsima ya chipere chothira mafuta, kapena futali wa mbatata. Pakati pake chiponde, ndimangochikumba ndi supuni m'botolo. Ndazindikira kuti masamba amangonamiza mimba, koma mtedza, mafuta ndi nyemba ndi zimene zimatsalira m'thupi. Nandolo wanu akatha sindivutika, amwenye akugulitsa wosenda kale m'timapaketi, mwina ndi yemwe uja tinkagulitsa motaya kwa mavenda pa Ulongwe. Lamba wabwerera bowo limodzi. Auzeni amjomba ayambe kukonza maso.

Pali kanthu kena kamene sindikudziwa ngati n'koyenera kulemba. Ndikamaphika, dzanja limayeza za anthu awiri. Sindichita dala. Ndimadzazindikira nditapakula kale mbale ziwiri, ina nditaiika cha kukhomo, monga ankakhalira Chester kuti miyendo yake ipeze malo. Kutaya chakudya ndi tchimo, ndiye ndimadya yanga, kenako ndimakoka yakeyo. Inu simunamuone Chester. Anali chimunthu, Mlomwe wodya mosanyengerera, ndipo ankandiseka kuti Ayao timadya ngati tikulawa za eni ake. Mbale yakeyo ndiyo imakhala yodzadza kwambiri, ndipo ndimaimaliza yonse. Nthawi zina ndimakhala pansi n'kumadzifunsa ngati njala imeneyi ndi yanga.

Mwezi uno ndi wovuta kuno. Aliyense ali pa tchuthi, aliyense akuotcha nyama panja, mpanda uliwonse ukufuka utsi. Ndimayenda ndi kansalu konyowa pamphuno, anthu amayesa chimfine. Loweruka ndinabwerera panjira, ku ntchito ndinanama kuti mutu.

Feteleza ndatumiza kudzera kwa Mike. Musabwereke munthu, ngakhale wachibale.

Wanu,
Zubairu


Joni, 24 Malichi 2024

Amake Ilham,

Asalamu alaikumu, ndipo Mulungu alandire kusala kwanu m'mwezi wa Ramadani uno. Nkhani ya ng'amba yandimvetsa chisoni. Ngati chimanga chauma monga mwalembera, musataye nthawi kuchilira, fufuzani mbewu ya mbatata mubzale kudimba. Nandolo yekha ndiye sakhumudwitsa, ameneyo mumusamale. Ine ndili bwino.

Ndinkaopa kuti kusala kundibweza m'mbuyo, koma iyayi. Pa daku, m'bandakucha tisanayambe kusala, ndimadya phala lolimba loti supuni iime yokha, ndi chiponde pamwamba. Pofutulu, dzuwa likalowa, zipatso za tende ziwiri, madzi, kenako futali kapena chinangwa chophika ndi nyemba. Chester anali Mkatolika, sankasala nafe, koma mbale yake ikupakulidwabe, pa daku pomwe. Ndasiya kulimbana nazo. Ndinakwera sikelo pa sitolo ya mankhwala, ndipo ndapitirira kale mmene ndinalili tsiku la nikaha, pomanga ukwati wathu. Mayi wophika uja akuti ndichepetse, khosi layamba kusowa. Ndinamuuza kuti khosi limeneli lili ndi mlandu ku Ulongwe, alisiye.

Zovala zanga zonse zandithina. Chikwama cha Chester chinapulumuka chifukwa tsiku lija chinali ku ntchito kwathu kwakale, ndipo ndakhala ndikuchisunga kuti ndidzapereke kwa mayi ake. Sindinkachitsegula. Koma buluku langa litang'ambika pakati pa khitchini, ndinati ndibwerekeko limodzi mpaka kumapeto kwa mwezi. Amake Ilham, linandikwana ngati telala anandiyeza. Jekete yakenso chimodzimodzi, mapewa ndi mikono yomwe. Kale ndikaivala mongoseka inkandifika m'mawondo.

Lachiwiri ndili pa siteji ya mataxi, munthu wina wa ku Mozambiki amene ankatidziwa tonse awiri anandionera kumbuyo. Anaitana dzina la Chester. Zoti iye anasokoneza sizinandidabwitse, jekete ndi yomweyo, msana ndi womwewo. Chimene chandisowetsa mtendere n'chakuti ine ndinatembenuka n'kuyankha. Munthuyo atandiona nkhope anataya jumbo ya tomato imene ananyamula, n'kuchoka osatola ngakhale mmodzi. Ndinapita kwa ashehe a pamzikiti wathu, anandiwerengera pemphero la duwa, anandiuza kuti ndi maganizo chabe, ndizipemphera ndi kugona mokwanira.

Mike wandijambulanso, chithunzi chifika pa foni ya pa shopu. Ulendo uno ogula sopo aone ndithu, ndawalola. Inu mukachiona mundiuze zoona, ngati munthu ali pamenepoyo mukumudziwa.

Wanu,
Zubairu


Joni, 12 Meyi 2024

Amake Ilham,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira nonse muli bwino ndipo mbatata yagwira. Ine thupi lili bwino, mwadzionera nokha.

Amjomba anandiimbira okha foni, koyamba chikwatirire ine pakhomo panu. Anandiitana kuti bambo. Akuti chithunzi chija achionetsa mpaka kwa makondakitala, akuti onani mkamwini wanga, akudya ng'ombe yathunthu ku Joni. Akuti zakale zija ndiiwale, anali maganizo a ukalamba. Ndinawathokoza mwaulemu, ndipo nditadula foni ndinavina ndekha m'kachipinda kanga. Ndinakondwa, sindibisa. Miyezi yonseyi ndimaopa kuti Ilham adzakula akuitana munthu wina kuti ababa.

Koma anawonjeza zina. Agula mbuzi yaikulu yofula ya pa Idi, ndipo akuti wochinja ndine, pamaso pa abale onse, chiwindi choyamba n'changa. Akutinso andimangira kale pokhazika chiwaya pambali pa shopu yawo, kuti ndikatopa ndi Joni ndidzayambirenso kanyenya. Akulu anati walira mvula walira matope. Ndinalira masaya, ndi awa abwera ndi mbuzi yawo.

Fadila, ndikuyankhula ndi iwe tsopano, osati ndi amake mwana. Thupi ili lamangidwa ndi nandolo wako, mtedza wako ndi mbatata. Mulibe ngakhale kachidutswa ka nyama. Mpeni wophera sindinaugwire chichokere tsiku lija. Sindikudziwa kuti ndidzatani pamaso pa anthuwo. Ngati ungathe kuwanyengerera amjomba kuti achinje Shafiq, mwana wawo uja, uchite. Unene kuti ndatopa ndi ulendo, unene chilichonse. Ndipo ndikafika, anthu akabalalika, udzandipatse mpata tikhale awiri. Za tsiku la moto lija sindinauze munthu aliyense, pepalanso likukana kuzinyamula. Iwe ukadzandifunsa ndidzakuuza.

Ndinyamuka sabata ya Idi. Ndikalowa pa Mwanza ndidzakwera ya ku Zalewa, n'kutsika pa Phalula kuti ndikatule chikwama kwa mayi Anastasia, mayi ake a Chester. Ndidzagona komweko, m'mawa mwake Balaka, Liwonde, kenako kwanu. Ndikubweretsa sola, njinga ndi nsalu za amayi. Ilham musamuuze tsiku, angamakhale pamsewu.

Wanu,
Zubairu


Balaka, 21 Juni 2024

Amake Ilham,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira inu ndi mwana mwadzuka bwino. Ine ndili pa Balaka, ndikugona kwa munthu wina wachifundo pafupi ndi mzikiti. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa minibasi ya ku Mangochi.

Za pa Idi munaziona nokha: mmene amjomba anandipatsira mpeni, mmene unagwera pansi, mmene ndinakanira chiwindi Shafiq atachinja, ndi mmene anandinyamulitsira chikwama dzuwa lisanalowe. Koma za ku Phalula munangomva za m'maluwa, ndiye mumve kwa ine.

Mayi Anastasia anandilandira ndi misozi. Anandigwira mikono, masaya, akuti mwana wawo akanakhala moyo bwenzi atabwera chonchi. Ndinapereka chikwama. Achimwene ake a Chester anatulutsa zovala chimodzichimodzi, n'kuona kuti zina zavalidwa posachedwa. Ndinavomera kuti ndinabwereka zanga zitathina. Anayang'ana buluku, anayang'ana ine.

Kenako mayi aja anathamangitsa nkhuku. Mukudziwa mmene anzathu Achikhristu amachitira mlendo akakhala Msilamu: sazinga okha, amakupatsa mpeni kuti uchinje wekha, udye ndi mtima woyera. Ndi ulemu waukulu, ndipo nkhukuyo inali imodzi yokha pakhomopo. Anabwera nayo atagwada, mpeni uli pa mbale. Ndinaigwira, ndikumva mtima wake ukugunda m'manja mwanga, ndipo ndinaitaya. Ndikanati ndine wodwala m'mimba, bwenzi zitathera pomwepo. Koma pamaso pa mayi wa mnzanga ndinalephera kunama. Ndinati andikhululukire, nyama sindidya chimwalirire Chester.

Achimwene aja anandifunsa mofatsa kwambiri.

"Anakuletsani ndani?"

Ndinati palibe. Mayi aja anandiphikira nandolo wauwisi, koma sanakhale nane podya, ndipo m'mawa palibe anandiperekeza kumsewu. Ine kupusa kwanga, funso lija ndinadzalimva tanthauzo minibasi itadutsa kale pa Chingeni. Pamene ndinkafika pa Ulongwe, foni yochokera ku Phalula inali itandipitirira kale. Ndiye amjomba atafunsa funso lomwelo pamaso pa anthu, mawu ake omwewo, ndinadziwa kuti mlandu unaweruzidwa ndisanatsike.

Ndipo ndikawerengera monga akuwerengera iwo, ndikuwamvetsa. Anthu awiri agona mkhukhu umodzi. Wina wapsa, wina wabwera atanenepa, sola ndi njinga pamutu, zovala za malemu zikumukwana, nyama sadya. Ndikanamva za munthu wina, inenso pa chiwaya paja ndikanati ameneyo anapita kwa sing'anga, anakhwimira mnzake, ndipo nyamayo ndi chizimba chake. Ndili woonda ankati kachilombo, ndanenepa akuti kukhwima. Thupi loti amjomba alivomere sindikudziwa kuti amagulitsa kuti.

Amjomba akufuna talaka, kalata yothetsa banja. Sindipereka. Ndinakwatira inu, sindinakwatire shopu. Ndikhala pano mpaka Lachinayi, pamene Mike adzadutse kubwerera ku Joni. Bwerani, ngakhale ndi amayi, ngakhale ndi Shafiq akulondereni. Mudzaime patali ngati mukufuna. Mudzangondifunsa chimene chinachitika, basi.

Wanu,
Zubairu


Joni, 4 Ogasiti 2024

Kwa Fadila Abiti Usumani,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Ilham ndi amayi. Ine ndinafika, ntchito ndinaipeza ikundidikira.

Pa Balaka ndinayang'ana minibasi iliyonse yochokera ku Liwonde mpaka oitanira anayamba kundipatsa moni. Mike anachedwetsa galimoto chifukwa cha ine, anthu akudandaula m'katimo. Kondakitala uja analumbira kuti kalata anapereka m'manja mwanu. Ndiye popeza simunabwere, ndilemba, pepala lifune lisafune.

Linali Lamulungu masana. Chester anali atagona mu mkhukhu, ine ndinapita kukagula makala a ku ntchito. Ndili komweko kunabwera gulu la anthu othamangitsa obwera. Anamanga chitseko chathu ndi waya kunja, n'kuyatsa. Ine sindinkadziwa kanthu. Pobwerera ndinali ndi njala, chidzukire ndinali ndisanadye. Nditafika pa kona ya msewu wathu, ndisanaone utsi, ndinamva fungo. Inu mukudziwa mphuno yanga, pa Ulongwe ndinkadziwa mbuzi yonona ndili kutsidya kwa msewu. Mumtima ndinati, kodi ndani akuotcha nyama yonona chonchi, koma moto wachulukitsa. Malovu anadzadza mkamwa. Ndinafulumira, Fadila. Ndinafulumira ngati munthu wopita kukadya.

Ndi zimenezo. Kulibe sing'anga, kulibe chizimba. Amene anandiletsa nyama ndi pakamwa pangapa, chifukwa sindinapakhululukire.

Talaka imene amjomba akufuna ili m'envelopu yomweyi. Ndinalemba pamaso pa ashehe ndi mboni ziwiri. Koma asadzitame kuti apambana. Iwo akanatha kufuula mpaka Idi ya chaka chamawa, ine osagwira cholembera. Ndalemba chifukwa cha chinthu china chimene sindinachitchule pa Balaka, poganiza kuti mwina ndinaona molakwa.

Tsiku lija, mpeni utagwa, ndinakakhala pakhonde. Ilham anabwera n'kukwera pamiyendo panga. Sankasamala za mbuzi, ankandikanikiza masaya ndi tizala take, akuseka, akufunsa kuti ababa mwaikamo chiyani umu. Amjomba anali akuyankhulabe pabwalo. Inu munachokera kukhitchini, manja ali onyowa, simunandiyang'ane. Munangomunyamula mwanayo pamiyendo panga, mofulumira, monga mmene munthu amachotsera mwana pafupi ndi chitsime. Munamuika kumbuyo, n'kumanga nsalu mfundo ziwiri.

Sindikukudani. Mayi amayenera kuopa, ndipo chimene munamva chinali choopsa. Koma sindingagone m'nyumba imene mkazi wanga azidzawerenga mpweya wa mwana ine ndikatembenuka pa mphasa. Mukhale mfulu. Nyumba ndi yanu, sola ndi njinga ndi za Ilham, ndipo za sukulu yake zizibwera ndi Mike monga kale.

Chopempha changa ndi chimodzi. Mwanayo adzakula, ndipo tsiku lina adzafuna kudziwa chifukwa chake bambo ake sakhala pakhomo. Musadzamuuze kuti ndinkadwala, pepala lija muli nalo. Musadzamuuze kuti ndinakhwima, tsopano mukudziwa. Mudzamuuze zoona zake, kuti bambo ako anadikira pa Balaka mpaka Lachinayi, koma sitinapite kukawafunsa.

Ndine bambo ake a Ilham,
Zubairu